Tsiku Limene Ndinakaniza Maliro Batire

Wailesi yathu inali m'nyumba yomwe kale inali sitolo ya mchere ndi maukonde, pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa. Fungo la nsomba linkalowa paliponse, ngakhale m'makatani. Mawu athu ankamveka m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, tsiku labwino n'kukafika ku Chipoka, koma kupitirira apo ayi. Amene anali kutali, makamaka ana a kwathu omwe anapita ku Joni, ankatimvera pa intaneti. Ntchito yanga inali kusamalira kompyuta yakuda yomwe inkakhala pansi pa tebulo m'chipinda chakuseri. Tinkaitcha seva. Munthu akatsegula tsamba lathu pafoni yake, kaya ali kuti, bokosi limenelo ndi lomwe linkamuyankha n'kumupatsa mawu a wailesi.

Si ine ndinaiika. Anaiika mnyamata wina wa ku Lilongwe yemwe anagwira nafe ntchito kanthawi, kenaka n'kupita kunja, nambala yake n'kusiya kugwira. Ine ndinangoipeza ikuyenda, ndipo ndinkakhala nayo ngati galu wa eni ake, kumupatsa chakudya koma osamugwira kumutu. Za makompyuta ndinaphunzira ndithu, zokwanira kuti anthu a kwathu azinditcha katswiri. Ineyo ndinkadziwa pomwe nzeru zanga zinkathera, ndipo sipanali patali.

Seva ija inali ndi batire lakelake, lalikulu ngati la lole, chifukwa magetsi kwathu amabwera ngati mlendo. Batire limenelo linkadziwika mudzi wonse. Kukagwa maliro ankabwera kudzalibwereka kuti likayendetse masipika, ndipo tinalibe vuto. Ndinkangozimitsa seva, kusamutsira pulagi yake ku soketi ya sola yomwe inkayendetsa situdiyo, n'kuiyatsanso. Madzi a tiyi asanawire, zonse zinkakhala zabwerera mwakale. Kwathu chinthu chopemphedwa ndi maliro sichikanizidwa. Kaya ndi mpando, kaya ndi mphika, kaya ndi ngolo, umangopereka, poti maliro n'kulirana.

M'mwezi wina wotentha, usiku mphepo itasiyiratu kuomba, anamwalira mayi wina amene ankagulitsa nsomba zouma limodzi ndi amayi anga. Mwana wawo wamwamuna tinakulira limodzi, ndipo ndinkamutcha achimwene ngakhale panalibe ubale wa magazi. Iyeyo anali ku Joni, wopanda mapepala. Anandiimbira foni mawu ake ali osasa.

"Asisi, sindibwera. Ndikatuluka muno sindidzalowanso, komanso basi ikamadzafika adzakhala ataikidwa kale. Ndingomva chabe. Ndimve akuwaimbira."

Kunyumba kwa malemuko intaneti imagwira pokhapokha utakwera pachulu, choncho zoti wina amuonetse pafoni zinali zosatheka. Abwana a wailesi anavomera kuti mwambo wonse tiuulutse. Iwo akakhala kumaliroko ndi foni yawo pafupi ndi sipika, aimba ku situdiyo, ine n'kulumikiza mawuwo ku wailesi ndi ku seva. Ndinamuuza mnzangayo ndi kamwa langa lalikululi kuti, "Musadandaule achimwene, mudzamva zonse, ngakhale kutsokomola kwa abusa."

Tsiku la maliro aliyense wa pa wailesi anapita kusiwa. Ndinatsala ndekha, ndikuulutsa nyimbo za kwaya. Magetsi anali atazima kuyambira m'bandakucha. Ndinaganiza zoti ndijambulenso mwambowo kuti mnzangayo adzakhale nawo, koma seva inandiuza kuti malo atha. Ndinayamba kusesa. Ndinachotsa mapologalamu akale a ulimi wa mpunga, nyimbo zobwerezabwereza, zithunzi za mpira. Kenaka ndinalowa m'foda ina momwe munali timafayilo tambiri ta mayina ofanana, kena kolembedwa kuti kakale, kena kakalekale, kena koyeserera. Mnyamata wa ku Lilongwe uja analinso wosataya zinthu ngati amayi anga ndi mabotolo. Ndinati izi ndi zinyalala. M'malo mochotsa kamodzikamodzi, ndinalamula kuti tonse toyamba ndi dzina limenelo tichoke, n'kudina batani.

Chala chisanachoke n'komwe pabatanipo, ndinayamba kukayikira. Ndinayang'ananso m'fodamo. Munali mbee. Pamodzi ndi takale tija panapitanso kenikeni, kafayilo ka malangizo, komwe kamauza seva dzina la tsamba lathu, komwe mawu a wailesi akuchokera, ndi komwe azipita. Ndipo timene ndinkatitcha zinyalala tija ndi timene tinali makope ake osungira. Pa seva palibe bini yoti n'kukatolamo zomwe wataya molakwitsa. Madzi akatayika saoleka.

Ndinatsegula tsamba lathu pafoni yanga. Kwaya inali kuimba bwinobwino. Zimenezi zinandiopsa kwambiri kuposa likanakhala kuti lafa, chifukwa sindinamvetse. Ndinafufuza pa intaneti, ndikulakwitsa zilembo ngati mwana wa sitandade wani, mpaka ndinapeza pomwe anthu ena amene zinawaonekerapo anafotokoza. Ankati pologalamu ya seva imawerenga kafayiloko ikamayamba, kenaka malangizowo imangowasunga m'mutu mwake, mu memori. Bola ikhale yoyaka, ipitiriza kugwira ntchito, ndipo mwina ukhoza kuwasolola m'menemo. Koma ikangozima, yaiwala, ndipo ikamadzuka ikafuna kafayilo komwe kulibe. Aliyense pa tsambalo ankanena chinthu chimodzi: chilichonse chingachitike, usazimitse.

Ndili m'kati mowerenga ndinamva njinga ikutsamiritsidwa pakhoma panja.

"Odi kuno!"

Anali mlongo wawo wa malemu, mwinimbumba, bambo womata maboti, wofatsa moti sindinawamvepo akukweza mawu ngakhale kwa mbuzi. Ndinkawatcha amalume potengera mnzanga uja. Anali atavala jekete yakuda pa kutentha konse kuja, m'manja atanyamula malegeni omangira katundu.

"Mwanangu, tabwera kudzatenga kanthu kaja. Masipika afika, akungodikira batire."

Ndinaiwaliratu kuti abwera. Ndinayang'ana batire, ndinayang'ana seva.

"Amalume, pepani. Batire silichoka panopa."

"Lawonongeka?"

Bodza linali pafupi, koma kagetsi kobiriwira ka batirelo kanali kuwala pamaso pawo pomwepo. Ndinati ayi, silinawonongeke.

"Nanga?"

"Makinawa ndikawazimitsa aiwala, amalume. Ndawononga kanthu kena m'kati. Ndipatseni nthawi pang'ono ndikonze."

"Aiwala chiyani? Maliro a mwezi watha uja munazimitsa ine ndili pompano, sanaiwale kanthu."

Ndinayesa kufotokoza za kafayilo, za memori, za mwana wa mlongo wawo yemwe ankadikira ku Joni. Mawu anga ankamveka opusa ngakhale kwa ine mwini. Iwo ankamva wailesi ikuimba, ankaona chilichonse chikuyaka, ndipo kutsogolo kwawo kunali mtsikana yemwe anamuona akukwawa, akuwauza kuti chinthu chomwe chikugwira ntchito chawonongeka.

"Mwanangu, thupi latuluka m'nyumba. Adzukulu amaliza kumanda. Anthu akhala padzuwa. Mwana wa mlongo wangayo akamva bwanji ngati masipika sakulira?"

Ankanena zoona, ndipo n'zimene zinandipweteka. Popanda masipika foni ya abwana ikanangotola mphepo. Popanda seva masipikawo akanalira, koma ku Joni osafika. Batire linali limodzi.

Anawerama kuti ayambe kumasula mawaya monga ankachitira nthawi zonse. Zomwe ndinachita sindinaziganizire. Ndinatsika pampando n'kukhala pabatirepo, ine mwana wamkazi, pamaso pa munthu wamkulu woferedwa. Ndinakokera kiyibodi pamiyendo.

Anaweramuka pang'onopang'ono. Akanandikalipira bwenzi zili bwino, ndimadziwa kuyankha munthu wokalipa. Iwo anangovula chipewa, n'kukakhala pakhomo, chipewacho chili pabondo.

"Ndidikira," anatero.

Amayi ena amene ankatembenuza usipa pathandala anali atasiya ntchito n'kumasuzumira pawindo. Ndinadziwa kuti nkhaniyi ikafika kusiwa njinga isanafike. Mpaka lero pamsika pali ena amene dzina langa analiiwala, amangoti mtsikana wa batire uja.

Malangizo a pa intaneti aja ankati ndikopere zonse za m'mutu mwa pologalamuyo n'kuziika pa fulashi. Pansi pake wina anachenjeza kuti ukalakwitsa, pologalamuyo ikhoza kuima pomwepo. Ndinawerenga lamulo lililonse mobwereza ndisanadine, milomo ikuyenda ngati ndikupemphera, ndipo mwina ndinkapempheradi. Thukuta linkagwera pa mabatani. Nditadina, sikirini inangoti zii. Ndinatchera khutu ku foni yanga. Kwaya inaima kaye, kenaka inapitiriza.

Zomwe zinatuluka zinali chipwirikiti, zilembo zopanda mutu, mizere yosatha. Ndinauza kompyuta kuti indifunire dzina la tsamba lathu m'chipwirikitimo. Inalipeza malo ambirimbiri, ndipo ambiri mwa malowo anali opanda ntchito. Ndinkatsegula amodziamodzi.

Foni inalira. Anali abwana, akunong'ona mokalipa, kumbuyo kwawo kukumveka amayi akulira.

"Kodi iwe wapenga? Akuti wakhalira batire. Ukudziwa kuti anthu akundiyang'ana ine kuno?"

"Bwana, ndikalipereka panopa tsamba lifa, ndipo silidzukanso lero."

"Lafa?"

"Ayi, koma lifa."

"Ndiye ukundiuza za maloto? Pereka batire!"

Ndinadula foni. Sindinayambe ndawadulirapo foni abwana, ndipo ndinadziwa kuti mwina ntchito yathera pomwepo. Posakhalitsa unalowa uthenga wochokera kwa amayi anga, wolembedwa ndi munthu wina poti iwo salemba: akuti ukutichititsa manyazi. Pambuyo pake unalowa wa ku Joni. Mnzanga uja anali atabisala m'chipinda chosungira katundu kuntchito kwake, foni ili kukhutu. Anangofunsa kuti, "Ayamba?" Ndinamuyankha kuti ayamba posachedwa.

Ndinkachita mantha amitundumitundu nthawi imodzi. Ndinkaopa kuti zomwe ndikufunazo mulibemo, kuti ndanyoza anamfedwa pachabe. Ndinkaopa kuti batire lenilenilo litha ndili chikhalire pamwamba pake. Ndinkaopa amalume aja, omwe sankandiyang'ana n'komwe, ankangoyang'ana mchenga. Koma mantha aakulu anali oti ndidzamuuza chiyani munthu amene anandipempha chinthu chimodzi chokha.

Kenaka ndinaona mizere yooneka ngati yolembedwa ndi munthu. Dzina la tsamba lathu linali pamwamba, pansi pake manambala a komwe mawu amachokera. Ndinakuwa pang'ono, amalume n'kutembenuka. Koma chinali chidutswa chabe, chinathera pakati pa mzere. Ndinafunanso, n'kupeza china chomwe chinkayambira chapakati. Ndinayamba kulumikiza ngati munthu wosoka ukonde wong'ambika, uku ndikukopera, uku ndikuyerekeza pomwe zidutswazo zikufanana.

Pologalamuyo ili ndi njira yoyesera kafayilo katsopano popanda kuzimitsa chilichonse. Ndinayesa. Inakana, n'kunditchulira mzere womwe unali wolakwika. Ndinakonza, inakananso pena. Ndinatukwana, mawu oti sindingawalembe pano, ndipo amalume anawamva.

Anaimirira, n'kuvala chipewa.

"Zikomo mwanangu. Tamva."

Anapinda malegeni aja bwinobwino, kuwaika m'thumba la jekete, n'kukwera njinga yopanda katundu. Ndinafuna kuwathamangira, kuwagwadira, kuwauza kuti tengani, zichitike zichitike. Koma sindinadzuke. Ndinalira ndili pabatire pomwepo, misozi ikutseka maso moti zilembo zinkasambira.

Chomwe chinatsala chinali chaching'ono mochititsa manyazi. Chigawo china chinatsegulidwa koma chizindikiro chochitsekera chinasowa, chinatsalira m'chidutswa chomwe sindinachipeze. Ndinachilemba ndekha. Nditayesanso, pologalamu inavomera kuti kafayiloko kali bwino.

Komabe kuvomera kwake kunkangotanthauza kuti kalembedwe n'kolondola. Ngati panali mzere wathunthu womwe unasowa, zikanadziwika itazima n'kuyakanso, ndipo pamenepo kubwerera kunalibe. Ndinakopera kafayiloko pa fulashi, ndinadzitumiziranso pafoni. Ndinalembera mnzanga uja kuti mawu aduka pang'ono, asachoke. Kenaka ndinazimitsa seva ndi dzanja langa.

M'chipindamo munangoti zii. Kafani ka m'kati kanasiya kulira, ndipo ndinazindikira kuti ndinali nditazolowera phokoso lake moti sindinkalimvanso. Ndinasamutsa pulagi, kudina batani loyatsira, n'kumasula mawaya a batire. Ndinalikokera panja ndekha, sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinaimitsa bambo wina wa kabaza, tinalimanga ndi nsalu yanga, ndipo ndinamuuza kuti apalase ngati akuthamangitsidwa.

Nditabwerera m'kati sikirini inali ikuyenda mizere yake yoyambira. Ndinagwada pansi pafupi ndi seva. Ndinatsegula tsamba pafoni. Kachizindikiro kosonyeza kudikira kaja kanazungulira, kanazungulira. Ndinaganiza za mizere yonse yomwe mwina ndinaiphonya. Kenaka kwaya inatulukira, pakati pa nyimbo, ngati palibe chomwe chachitika.

Abwana anaimbanso, ulendo uno osandilankhula. Anangoika foni pomwe tinagwirizana. Ndinalumikiza. Mwambo unali utayamba kale popanda masipika, ndipo chomwe chinkamveka chinali mphepo, mwana akulira chapafupi, ndi mawu a munthu ali kutali ngati ali m'madzi. Uthenga unalowa: "Sindikumva kanthu asisi." Ndinati dikirani. Tinadikira tonse, iye uko ine kuno, tikumvera mphepo.

Mwadzidzidzi sipika inalira mokwiya, wina anagogoda maikolofoni, ndipo mawu anatuluka oyera. Anali amalume aja, akulankhula m'malo mwa banja. Anafotokoza za matenda a mlongo wawo, momwe anayambira ndi komwe anapita nawo. Anathokoza mpingo, adzukulu, amayi ophika, ndi onse amene anagona pasiwa. Anatchula ana a malemu mmodzimmodzi, ndipo atafika pa mnzanga uja anati, "Uyu ali kutali, koma atiuza kuti akumva. Mwanangu, amayi ako tikuwaperekeza bwino."

Kenaka anapepesa anthu chifukwa chowakhazika padzuwa. Sanakweze mawu. Anati lero aona chinthu chomwe sanachionepo chibadwire, mwana wa m'mudzi momwemo, woleredwa ndi manja a malemuwa, kukaniza maliro chinthu chomwe chili m'manja mwake. Anati sadzamutchula dzina, koma makolo tiphunzitse ana athu kuti sukulu isawaiwalitse kuti nawonso adzanyamulidwa ndi anthu. Khamu lonse linang'ung'udza movomereza.

Ndinakhala pansi pa simenti ndikumva zonsezo zikudutsa m'bokosi lomwe ndinali nditangolidzutsa, zikupita ku Chipoka, zikupita ku Joni ndi kulikonse komwe kunali mwana wa kwathu. Nkhope inkandiyaka. Dzanja langa linali pafupi ndi batani lochepetsera mawu, ndipo ndikanatha kuikapo nyimbo mpaka amalize. Sindinakhudze. Mawu ankamveka bwino kwambiri kuposa tsiku lina lililonse lomwe tinaulutsapo maliro.

Foni inanjenjemera.

"Ndikumva bwinobwino asisi, ngati ndili pomwepo. Mulungu akudalitseni."

Ndisanayankhe unalowa wina.

"Koma amalume akunena ndani? Ndani wachita zimenezo pa maliro a amayi anga?"

Ndinayamba kulemba yankho lalitali, la kafayilo ndi batire, n'kulifufuta. Ndinayambanso, n'kufufutanso. Uko abusa anali atamaliza pemphero, ndipo amayi a mpingo anayambitsa nyimbo yonyamulira bokosi, ija malemu ankaikonda poyanika nsomba.

"Tidzakamba, achimwene," ndinalemba. "Mverani, akuwanyamula."

Pa sikirini ndinkaona kuti akadali wolumikizidwa, ndipo anakhala choncho njira yonse ya kumanda, mpaka dothi litayamba kugwera pabokosi.